Kugwira ntchito ndi makasitomala ovuta kapena osadziwa zambiri: malangizo kwa ofufuza zikalata za malo amene amagwira paokha

Ntchito yofufuza umwini wa malo, imene ambiri amangoti kupanga search, ili ndi mbali ziwiri. Mbali ya mapepala imaphunzirika. Mukazolowera kuwerenga kaundula, maso amathamangira okha pamene pali vuto. Mbali ya anthu ndiyo imagwetsa ambiri amene amagwira ntchitoyi paokha, osalembedwa ndi kampani ya maloya kapena banki. Palibe bwana woti akutchinjirizeni. Kasitomala akapsa mtima amaimbira inu, akakana kulipira woluza ndinu, ndipo lipoti likakhala ndi bodza, dzina limene lili pansi pake ndi lanu.

Makasitomala ovuta alipo a mitundu iwiri. Ena sadziwa chimene akugula kwa inu: amaganiza kuti search ndi chidindo cha boma chotsimikiza kuti malowo ndi awo tsopano. Ena amadziwa ndithu, koma akufuna yankho limodzi lokha, lakuti zonse zili bwino. Kawirikawiri ndi munthu mmodzi yemweyo, amene wasonkhanitsa ndalama kwa zaka, mtima wakhazikika kale pa poloti, ndipo aliyense wonena zosiyana akumuona ngati mdani. Munthu wotere sindimuda. Ndalama zimene akufuna kutulutsazo mwina sadzazigwiranso moyo wake wonse. Koma kumumvera chisoni sikutanthauza kumuuza zimene akufuna kumva.

Choyamba: muone pepala musanatchule mtengo

Funso loyamba pafoni limakhala lakuti, "Search mumapanga zingati?" Musathamangire kuyankha. Muuzeni akutumizireni pa WhatsApp chithunzi cha pepala lililonse limene wogulitsa wamuonetsa, tsamba ndi tsamba, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Chifukwa chake n'chakuti anthu ambiri pepala lililonse la malo amalitcha title deed. Mukatsegula chithunzicho mupeza kuti ndi offer letter, kalata yongomulonjeza munthu malo, kapena sale agreement yolembedwa pamanja yokhala ndi chidindo cha a nyakwawa, kapena lisiti la city rates basi.

Pepalalo ndi limene likuuzeni kumene mukapite, ndipo ntchito zake sizifanana. Malo olembetsedwa pansi pa Registered Land Act ya 1967 amakhala ndi title number, nambala ya malowo m'kaundula wa boma, monga zija zoyamba ndi Bwaila kapena Alimaunde ku Lilongwe, Likabula kapena Nyambadwe ku Blantyre. Amenewa mumafufuza ku Land Registry ya chigawo chimene malowo ali, ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu, ndipo zolembedwa zonse za malowo zimakhala pa kaundula mmodzi. Malo ena ambiri a lizi, makamaka akumaboma ndi maesiteti, ali pansi pa Deeds Registration Act. Kumeneko mumatsata deed, chikalata chopatsirana malo, imodziimodzi, kubwerera m'mbuyo, kuona ngati aliyense amene anagulitsa anali atalandiradi kwa amene anali mwini pa nthawiyo. Imeneyi imadya nthawi, ndipo mtengo wake sungafanane ndi woyamba uja. Pali mapoloti a Malawi Housing Corporation (MHC), amene mbiri yake yoyamba ili m'mafayilo a bungwelo. Pali mapoloti a khonsolo m'madera ngati Ndirande, Kawale ndi Chilinde, kumene nthawi zambiri umboni ndi fayilo ya kukhonsolo ndi kalata yosintha umwini. Ndiye pali malo a mafumu. Customary Land Act ya 2016 inatsegula njira yolembetsera malo amenewa kudzera m'makomiti a malo a kwa gulupu, koma kalemberayu sanafike paliponse, ndipo kumene sanafike kulibe kaundula woti mukatsegule.

Kasitomala wosadziwa muuzeni zimenezi mwachidule, m'mawu ake omwe. Ngati malowo ndi a mafumu, nenani poyera: "Mayi, malo awa ku Lands kulibe buku lake. Chimene ndingachite ndi kupita komweko, kukafunsa mfumu, abale a wogulitsa ndi oyandikana nawo, komanso kukaona ngati wina sanatengepo lizi kale. Koma chikalata cha search ngati chimene banki imafuna sichipezeka." Mukabisa zimenezi pofuna kuti ntchito isakuphonyeni, mkangano mwauyambitsa nokha.

Chachiwiri: mudziwe amene akukutumani, ndiponso ngati walipira kale

Funso limene ine sindilidumpha ndi ili: "Kodi mwapereka kale ndalama ina iliyonse kwa wogulitsa?" Yankho lake limandiuza mtundu wa munthu amene ndichite naye. Amene sanalipire akufuna chilungamo, ndipo mukamuuza zoipa amathokoza. Amene walipira theka akufuna chitonthozo, ndipo zoipa zilizonse azilandira ngati mukumunena kuti ndi wopusa. Kudziwiratu kumakuthandizani kukonza kalankhulidwe, komanso kumuuza nthawi yomweyo kuti asapereke ina kufikira mutamaliza.

Funsaninso kuti nambala yanu waitenga kwa ndani. Ngati amene akukuimbirani ndi ejenti kapena dobadoba amene akuyembekeza komishoni malo akagulidwa, dziwani kuti zofuna zake n'zosiyana ndi za wogula. Iye amadya pokhapokha malonda atheka. Ntchito mukhoza kuilandira, koma nenani kuyambira pachiyambi kuti lipoti mudzalipereka m'manja mwa mwini ndalama, ndipo mukufuna dzina lake ndi nambala yake. Dobadoba amene akukana kukulumikizani ndi wogula wakuuzani kale zambiri.

Chachitatu: lembani zimene muchite ndi zimene simuchita

Apa ndi pamene mikangano yambiri imaphedwa isanabadwe, ndiye ndikhalitsapo. Simufunika kontirakiti ya masamba khumi. Uthenga umodzi wa pa WhatsApp kapena imelo, umene kasitomala wayankha kuti wavomera, ndi wokwanira pa ntchito zambiri. Ungakhale wotere:

"Bambo, ndikafufuza title number imene mwanditumizirayi ku Land Registry ya ku Lilongwe. Ndikuuzani dzina la mwini amene walembedwa, mtundu wa umwini, zaka za lizi zimene zatsala, ndi ngongole kapena ziletso zilizonse zimene zalembedwa pofika tsiku limene ndifufuze. Ndikafunsanso za ground rent, lendi ya malo a lizi, ndi city rates. Kuyeza malire si ntchito yanga, ndi ya saveya. Kulemba transfer, chikalata chosamutsa umwini, ndi kukulangizani za malamulo ndi ntchito ya loya. Sindikuuzani kuti gulani kapena musagule. Malipiro anga ndi a ntchito yofufuza, kaya zotsatira zikukondweretsani kapena ayi."

Chiganizo chomalizacho musachisiye. Alipo anthu amene amaganiza moona mtima kuti search ikatulutsa vuto ndiye kuti ntchito yalephereka, choncho palibe cholipira. Ena amati, "Ndikulipirani malonda akatheka." Musavomere. Mukamangirira malipiro anu ku kutheka kwa malonda, mwasanduka dobadoba nanunso, ndipo tsiku lina mtima udzakunyengani kuti mufewetse mawu m'lipoti.

Ndalamazo zigaweni patatu, kasitomala azione: zolipira kuboma, zoyendera, ndi malipiro anu. Za boma zimakhala ndi GR yake, lisiti la boma, ndipo mumutumizire chithunzi cha lisitilo tsiku lomwelo. Anthu ambiri anapwetekedwapo ndi madobadoba m'maofesi osiyanasiyana, ndiye amayamba ndi kukukayikirani. Lisiti limathetsa kukayikira msanga kuposa kulumbira. Za boma ndi zoyendera alipiriretu zonse, ndipo pa malipiro anu atsogoze gawo musananyamuke. Izi zimavuta kunena kwa munthu wakutchalitchi kwanu kapena amalume a mnzanu, koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Lipoti lomaliza lituluke ndalama yotsala italowa pa Airtel Money, Mpamba kapena kubanki.

Pa za nthawi, musalonjeze tsiku limene silili m'manja mwanu. Fayilo ikhoza kukhala pa desiki ya ofesala wina, wosainira akhoza kukhala kumsonkhano, makompyuta akhoza kukhala opanda netiweki. Lonjezani chimene mungathe: tsiku limene mukapereke pempho, ndi kuti muzimuuza pamene zafika madzulo aliwonse kapena masiku awiri aliwonse. Kasitomala amene amaimba kakhumi patsiku nthawi zambiri ndi amene sanauzidwe kuti amva liti. Mukamuikira nthawi yomvera, ndipo inu n'kuisunga ngakhale pamene palibe chatsopano, mafoni amachepa okha.

Chachinayi: muphunzitseni kuwerenga chimene mwamubweretsera

Kungomutumizira chithunzi cha official search, chikalata cha ku Land Registry chosonyeza zimene zili m'kaundula, n'kukhala chete ndi kumusiya munthu m'mdima. Khalani naye pansi, kapena muimbireni, mudutse naye gawo ndi gawo. Kaundula wa malo olembetsedwa ali ndi zigawo zitatu. Choyamba chimafotokoza malowo: nambala, kukula kwake, ndi ngati ali a lizi kapena freehold, umwini wopanda malire a zaka. Chachiwiri chimatchula mwini. Chachitatu chimalemba zolemetsa zimene zili pa malowo, monga charge, imene ndi chikole cha ngongole ya kubanki. Muonetseninso ngati pali caution, kutanthauza kuti wina anakalembetsa kuti ali ndi gawo pa malowo ndipo asagulitsidwe iye asakudziwa, kapena chiletso chochokera kukhoti kapena kwa Registrar, mkulu wosunga kaundulayo.

Ngati ndi lizi, muwerengereni zaka. Anthu amamva kuti lizi ya nyumba ndi zaka 99 n'kuganiza kuti zimayamba tsiku limene iwo agula. Zimayamba tsiku limene lalembedwa pa liziyo, ndipo malizi ena, makamaka a minda, ndi aafupi kwambiri kuposa pamenepo. Muuzeninso kuti mwini lizi ali ndi eni nthaka pamwamba pake, kaya ndi boma, MHC kapena khonsolo, ndipo kusintha dzina kumafuna chilolezo chawo, kumafuna tax clearance, chikalata cha ku MRA chosonyeza kuti za msonkho zili bwino, ndi stamp duty, msonkho wa pa chikalata chosamutsa umwini. Wogula koyamba sadziwa kuti ndalama zimenezi ziliko. Akazimva mochedwa amaganiza kuti wina akumubera, ndipo woyamba kumuganizira ndinu.

Pali zinthu ziwiri zimene muyenera kuzibwereza mpaka zitalowa. Choyamba, search imanena za tsiku limene yapangidwa basi. Mawa lake wina akhoza kukalembetsa caution, kapena banki kulembetsa chikole. Ngati papita masabata asanalipire, pakufunika ina yatsopano, ndipo imeneyo ndi ntchito inanso yolipira. Chachiwiri, si zonse zimalembedwa m'kaundula. Lamulo limateteza maufulu ena ngakhale sanalembedwe, monga a munthu amene akukhala pamalopo, ndipo amene wakhala pa malo a wina poyera, mwamtendere, kosalekeza kwa zaka 12 akhoza kupempha kuti alembedwe ngati mwini. Choncho pepala loyera silichotsa kufunika kopita kukaponda pamalopo. Kodi pali nyumba, munda, manda? Akulimapo ndani, ndipo anamulola ndani? Mabikoni, zizindikiro za malire, alipo, ndipo akugwirizana ndi deed plan, mapu a malowo? Poloti siinalowe m'malire a msewu kapena pansi pa mawaya a ESCOM? Chimphepo cha Freddy mu Marichi 2023 chinaonetsa ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche chimene chimachitika nyumba zikamangidwa pamalo osayenera kumangapo, ndipo zimenezo official search siinena. Kuti adziwe ngati malowo amaloledwa kumangapo nyumba, apite ku ofesi ya mapulani kukhonsolo.

Chinanso chimene osadziwa amachiphonya: search imatsimikiza dzina la mwini, koma siitsimikiza kuti munthu amene waima patsogolo panuyo ndi mwini dzinalo. Akuba malo ambiri amagulitsa poloti yeniyeni, ya nambala yeniyeni, ya munthu amene ali kunja kapena anamwalira. Chiphaso cha unzika cha wogulitsa chionedwe chenichenicho, osati fotokope, ndipo maina afanane chilembo ndi chilembo.

Chachisanu: kapereke uthenga woipa mosazungulira

Mukapeza vuto, muimbireni kaye musanatumize lipoti. Munthu amene wawerenga yekha nkhani yoipa pafoni usiku amadzuka atakonza kale nkhondo. Yambani ndi chimene mwaona, osati chimene mukuganiza. "Bambo, m'kaundula dzina limene lilipo si la amene akukugulitsaniyo." Imani pamenepo, mulole afunse. Musanene kuti wogulitsa ndi wakuba, ngakhale mtima ukukuuzani choncho. Mawu amenewo kasitomala akawatengera kwa wogulitsa, adzati wanena ndinu, ndipo mlandu woipitsa mbiri udzagwera inu. Komanso nthawi zina pamakhala chifukwa chomveka, monga munthu amene anagula kalekale koma sanasinthe dzina.

Vuto limene limabwera kawirikawiri ndi la malo amasiye. Mwini anamwalira, ndipo mwana wamkulu kapena mchimwene wa malemu akugulitsa. Kasitomala amati, "Koma banja lonse lagwirizana, ndinakhala nawo pansi." Mufotokozereni kuti kugwirizana kwa pakhonde sikusintha kaundula. Pamafunika zikalata zopatsa munthu mphamvu yoyendetsa chuma cha malemu, ndipo Deceased Estates Act ya 2011 imateteza mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana, kuphatikizapo aang'ono ndi a kwa mayi wina amene mwina sanaitanidwe pa zokambiranazo. Kulanda chuma chamasiye ndi mlandu. Ine pamenepa sindifewetsa mawu, chifukwa amene amalira pamapeto si wogula yekha, ndi ana amene sanali m'chipindamo.

Kumadzulo kwa Lilongwe kuli malo a ndunda, amene analembetsedwa kalekale ngati malo a banja lonse, m'dzina la woimira banjalo. Wogula wosadziwa akaona dzina limodzi pa pepala amaganiza kuti mwini ndi mmodzi. Muuzeni kuti woimirayo amasunga malowo m'malo mwa abale ake, ndipo ambiri mwa amene analembedwa nthawi imeneyo anamwalira kale.

Chikole cha banki si imfa ya malonda. Ngongole ikhoza kubwezedwa kuchokera pa ndalama zogulira, banki n'kuchotsa chikolecho, koma zimenezo aziyendetse loya, osati kupatsana ndalama m'galimoto. Ngati mwini ndi kampani, pakufunika kukaona ku ofesi yolembetsa makampani kuti akuluakulu ake ndi ndani ndipo ndani ali ndi mphamvu yosaina. Ngati alembedwa anthu awiri, asaine onse. Ndipo popeza malamulo a malo anasinthidwanso mu 2022, pokhudza mwa zina kugulitsa malo osatukulidwa ndi kugulitsa kwa anthu amene si nzika, poloti yopanda chilichonse kapena wogula wa pasipoti yakunja ndi nkhani yoti muilembe m'lipoti n'kumutumiza kwa loya.

Kasitomala akafunsa kuti, "Ndiye inuyo mukuti ndichite chiyani?", mukhoza kumuuza chimene chiyenera kukonzedwa ndi amene angachikonze. Chisankho chogula musiyireni. Mukangoti "gulani, palibe vuto", tsiku limene zidzavute adzakumbukira mawu amenewo okha.

Chachisanu ndi chimodzi: pamene akukukakamizani

Kukakamiza kumabwera m'njira zingapo, ndipo kumayamba mokoma. "Achimwene, kacaution kameneka ingokasiyani, tagwirizana kale kuti akachotsa." Kapena, "Banki ikufuna lipoti loyera, tithandizeni, sitikuiwalani." Yankho likhale lalifupi ndiponso lofanana nthawi zonse: "Ndimalemba zimene zili m'kaundula. Akachotsa, ndidzapanganso search ndipo lipoti latsopano lidzaonetsa kuti yachotsedwa." Musalowe m'mtsutso wakuti cautionyo ndi yachilungamo kapena ayi. Si inu woweruza. Tsiku la lipoti musalisinthe, ngakhale ndi tsiku limodzi.

Ena amakupatsani ndalama yapadera kuti "mukawaone" a mu ofesi fayilo ituluke msanga. Kanani, ndipo muuzeni chifukwa. Kupereka ziphuphu kwa wogwira ntchito m'boma ndi mlandu pansi pa Corrupt Practices Act, ndipo wonyamula envulopuyo ndi amene amagwidwa. Palinso china: ofesala amene walandira ndalama kuti athamangitse fayilo yanu akhoza kulandiranso kwa wina kuti abise tsamba. Mukazolowera njira imeneyo simudzakhulupiriranso pepala lililonse limene mwapatsidwa, ndipo ntchito yanu yonse yaima pa kukhulupirira mapepalawo. Njira yabwino yofulumizitsira ndi yotopetsa koma imagwira: pempho lodzazidwa bwino, nambala yolondola, kufika m'mamawa, ulemu kwa makalaliki, ndi kulembera kalata mkulu wa ofesiyo ngati fayilo yasowa kwa nthawi yaitali.

Ndiye pali changu. "Wogulitsa akuti pali wina akubwera ndi ndalama mawa." Mwina n'zoona, koma ndi mawunso amene akuba malo amawakonda koposa. Muuzeni kasitomala kuti ngati akuopa kulandidwa, apemphe loya asunge ndalamazo mpaka search itatha. Wogulitsa woona savutika nazo zimenezo. Inu musadule ntchito pakati kuti mukwanitse tsiku la wina. Ngati akuumirira kuti mumupatse zimene mwapeza pofika pano, lembani pamwamba penipeni kuti kafukufuku sanathe, ndipo tchulani zimene zatsala.

Wolalata musiyeni amalize. Akatha, bwerezani modekha chimene munagwirizana, ndipo mumutumizirenso uthenga woyamba uja. Musayankhe voice note yaukali ndi inzake yaukali, chifukwa zimenezo zimatumizidwa m'magulu ndipo anthu adzamva mbali yanu yokha.

Chachisanu ndi chiwiri: amene ali kunja

Amalawi ambiri amene ali ku Johannesburg, Cape Town, ku UK ndi kwina amagula malo kumudzi kuno asanawaone. Awa ndi makasitomala abwino, koma nkhani zawo zimakhala ndi munthu wachitatu pakati: mchimwene, mlamu kapena msuweni amene akuyendetsa zinthu. Nthawi zina wachibaleyo ndi wokhulupirika. Nthawi zina wawonjezera mtengo, kapena ndalama zina anadya kale, ndipo lipoti lanu likhoza kumuulula. Mudzamuona akuyesa kuti zonse zidzere kwa iye.

Gwirizanani pachiyambi kuti lipoti lipita kwa amene akutumiza ndalama, molunjika, ndipo wachibaleyo alandira kope ngati mwini ndalama walola. M'nkhani za pabanja musalowemo. Mukafunsidwa kuti, "Kodi mchimwene wangayu akundibera?", yankhani ndi zimene mwaona: mtengo umene wogulitsa wakuuzani ngati munafunsa, dzina limene lili pa sale agreement, ndi zithunzi za pamalopo. Dzinalo mulionetsetse, chifukwa si zachilendo kupeza kuti malo ogulidwa ndi ndalama za wakunja alembedwa m'dzina la wachibale. Mukapita pamalopo, muimbireni pa video call aone yekha, ndipo mumutumizire location. Ngati wina adzasaina m'malo mwake, pakufunika power of attorney, chikalata chopatsa wina mphamvu yomuimira, yokonzedwa bwino, ndipo loya amuuze mmene angaisainire ali kunjako kuti ivomerezeke kuno.

Chachisanu ndi chitatu: maofesi amene amakutumani

Si anthu wamba okha amene sadziwa. Kalaliki watsopano wa kwa loya, kapena ofesala wa ngongole amene wangoyamba kumene, akhoza kukutumizirani plot number m'malo mwa title number, kapena kulemba nambala molakwika. Musangoyamba ntchito. Bwezani uthenga wotsimikiza nambala ndi dzina limene akuyembekezera, ndipo pemphani kope la chikalatacho. Muthandizeni mwaulemu, osamuchititsa manyazi pamaso pa bwana wake, chifukwa mawa ndi iyeyo adzakhale akugawa ntchito. Vuto la maofesi ndi kuchedwa kulipira. Invoyisi ipite limodzi ndi lipoti, ikhale ndi tsiku lolipirira, ndipo ngongole ikafika pa mlingo umene munadziikira, ntchito yatsopano idikire.

Chomaliza: sungani zonse, ndipo dziwani posiyira

Ntchito iliyonse ikhale ndi fayilo yake, ya pepala kapena ya pakompyuta: uthenga wogwirizana, zithunzi zimene kasitomala anatumiza, ma GR, official search, zithunzi za pamalo, lipoti, ndi tsiku limene munalipereka. Mukalankhula pafoni nkhani yofunika, tumizani uthenga pambuyo pake wobwereza zimene mwanena. Nkhani za malo zimadzuka patapita zaka, ndipo pa nthawiyo mafoni amakhala atasinthidwa, choncho musadalire WhatsApp yokha. Zimene mwapeza ndi za kasitomala amene analipira. Musazifotokozere wogula wina amene akufuna poloti yomweyo. Iyeyo akafuna, mumupangire search yake.

Makasitomala ena ndi oti muwasiye. Amene wakupemphani kachiwiri kuti musinthe lipoti mutakana kale, amene wakubweretserani chikalata chooneka kuti chakonzedwa ndipo sakufuna kuti mukachitsimikize, amene akukuopsezani, kapena amene akufuna mufufuze malo ambirimbiri a anthu omwalira ndi a amene ali kunja popanda chifukwa chomveka. Womalizayu mwina akusaka poloti yoti aibe, ndipo akufuna kugwiritsa ntchito miyendo yanu. Posiya, lembani uthenga waufupi wopanda mnyozo: kuti simupitiriza, zimene mwachita kale ndi izi, malisiti ndi awa, ndipo ndalama ya ntchito imene simunagwire mukubweza lero. Bwezanidi tsiku lomwelo, kudzera njira imene imasiya umboni. Ngati chikalatacho mukuchikayikira kuti n'chabodza, sungani kope lake, kauzeni Land Registrar wa ofesi imene chikunamizira kuti chinachokera, ndipo ngati pali munthu amene watsala pang'ono kulipira, nkhaniyo ifike kupolisi ndalama zisanatuluke.